Sitima ya ku Durban ndi pangano la malonda a zida zankhondo

Pa 24 Disembala 2024 pangano la mayiko loyang'anira malonda a zida zankhondo, lotchedwa Arms Trade Treaty, linakwanitsa zaka khumi likugwira ntchito. Panalibe ambiri oimba nthungululu. Mu Febuluwale chaka chomwecho khoti la apilo ku The Hague linalamula boma la Netherlands kuti lileke kutumiza ku Israel zipangizo za ndege zankhondo za F-35. Mu Seputembala boma la Britain linaimitsa ziphaso pafupifupi 30 mwa ziphaso 350 zogulitsira zida ku Israel, koma zipangizo za F-35 zodzera m'nkhokwe ya mayiko ogwirizana silinazikhudze. Ku Sudan zida zinkalowabe. Ndiye anthu akufunsa kuti panganoli laletsapo chiyani. Funsoli ndi lathunso, popeza Malawi inalowa mokwanira m'panganoli mu 2024, kutsatira South Africa, Zambia ndi Mozambique.

Maganizo oletsa kugulitsa mfuti mwachisawawa ndi akale. Pangano la ku Brussels la mu 1890 linaletsa kulowetsa mfuti zamakono m'chigawo chachikulu cha Africa, kuphatikizapo kwathu kuno, ati pofuna kuthetsa malonda a akapolo. Koma olemba ake anali atsamunda omwe nthawi yomweyo ankagawana Africa, ndipo mfuti zawo lamulolo silinaziletse. Bungwe la League of Nations linayesa mu 1925, pangano lake n'kufera papepala. Kenako panadutsa zaka zambiri America ndi Soviet Union akupereka zida kwa aliyense wowaombera m'manja, ndipo a ku Angola ndi Mozambique akudziwa mmene zinathera.

Nkhaniyi inadzukanso m'ma 1990 pamene Óscar Arias, mtsogoleri wakale wa Costa Rica, anasonkhanitsa anzake olandira mphoto ya mtendere ya Nobel kuti alembe malamulo oyenera kutsatidwa ndi ogulitsa zida. Mayiko a SADC anasaina mgwirizano wawo wa mfuti ndi zipolopolo mu Ogasiti 2001 ku Blantyre, koma unali wa chigawo chino chokha, pomwe zida zambiri zimachokera kutali. Mu 2003 mabungwe a Amnesty International, Oxfam ndi IANSA anayamba kampeni ya Control Arms, ndipo mawu awo otchuka anali akuti malonda a nthochi ali ndi malamulo okhwima kuposa malonda a mfuti. Mu Disembala 2006 msonkhano waukulu wa United Nations unavomera kuyamba ntchito ya pangano: mayiko 153 anati inde, America yokha inakana.

Ambiri polemba mbiriyi amathamangira ku New York, ku likulu la United Nations. Ine ndimaona kuti mpofunika kuima kaye ku Durban mu Epulo 2008, chifukwa ndi kumene kunaonekera poyera kuti lamulo lomwe likusowa ndi lotani.

A ku Zimbabwe anali atavota pa 29 Malichi, koma zotsatira za mpando wa pulezidenti sizinkatuluka, ndipo kumidzi otsatira chipani cha MDC cha a Morgan Tsvangirai anali atayamba kumenyedwa. Pakati pa mwezi wa Epulo sitima yapamadzi ya kampani ya COSCO ya ku China, dzina lake An Yue Jiang, inafika kunja kwa doko la Durban. Mapepala a katundu ataululika, anaonetsa matani 77 a zida zopita ku unduna wa chitetezo ku Harare: zipolopolo za AK-47 pafupifupi 3 miliyoni, maroketi 1,500 ndi mabomba a mizinga ya mtundu wa mortar oposa 3,000. Komiti ya boma la South Africa yoona za zida inali itapereka kale chilolezo choti katunduyo adutse pamtunda. Mneneri wa boma, a Themba Maseko, anati dziko lawo silingalowerere malonda a mayiko awiri ngati mapepala ali bwino. Ndipo mapepala analidi bwino. United Nations inalibe chiletso cha zida pa Zimbabwe, ndipo chiletso cha European Union cha mu 2002 sichinkakhudza China.

Amene anakana anali ogwira ntchito padoko. Bungwe lawo la SATAWU linalengeza kuti mamembala ake satsitsa katunduyo, ndipo madalaivala amalole samunyamula. Bishopu wa Anglican wa ku Natal, a Rubin Phillip, pamodzi ndi a Paddy Kearney, anathamangira kukhoti mothandizidwa ndi Southern Africa Litigation Centre. Pa 18 Epulo khoti lalikulu la Durban linaletsa kudutsitsa zidazo m'dzikomo, poyang'ana lamulo la South Africa lomwe la mu 2002. Chikalata cha khoti chisanafike m'manja mwa woyendetsa, sitimayo inazula nangula n'kuthawira panyanja. Mabungwe a apantchito m'madoko a Mozambique, Namibia ndi Angola anachenjezana. A Levy Mwanawasa a ku Zambia, omwe panthawiyo anali wapampando wa SADC, anapempha mayiko a chigawo chino kuti asalole zidazo kutsitsidwa. Pa atsogoleri a nthawi imeneyo, ochepa analimba mtima kunena zotere poyera.

Kuti zidazo zinathera kuti, maumboni amatsutsana mpaka lero. Boma la China linati mgwirizano wogula unachitika mu 2007, chisankho chisanafike, ndipo katunduyo anabwerera kwawo. Boma la Angola linati pamene sitimayo inaima ku Luanda inatsitsa katundu wamba yekha. Koma wachiwiri kwa nduna yofalitsa nkhani ku Zimbabwe, a Bright Matonga, anati zidazo zinafika. Aliyense mwa atatuwa anali ndi chifukwa cholankhulira mmene analankhulira, ndipo mawu a a Matonga akhoza kukhala kudzitama kwa boma losafuna kuoneka logonja. Chosakayikitsa n'chakuti zidazo sizinadutse pa Durban. Mu Julaye chaka chomwecho Russia ndi China anagwetsa ganizo la ku Security Council, nthambi ya United Nations yoona za chitetezo, loika chiletso cha zida pa Zimbabwe, ndipo South Africa inavota nawo mbali imodzi.

Mu Okutobala 2009 boma la Barack Obama linasintha maganizo n'kuvomera kukambirana, koma linaika mfundo imodzi: pangano lidutse pokhapokha palibe dziko lotsutsa. Pa voti ya chaka chimenecho dziko lokhalo lokana linali Zimbabwe. Mfundo ya America ija ndiyo inaumba zonse zotsatira, chifukwa mawu aliwonse anayenera kufewetsedwa mpaka wogulitsa zida wamkulu atakhutira.

Mkangano woopsa unali pa zipolopolo. Mayiko a mu Africa, a ku Caribbean ndi Mexico ankati mfuti ya AK-47 imakhala zaka makumi angapo, ndipo chimene chimapititsa nkhondo patsogolo ndi zipolopolo zatsopano. America inkati zipolopolo ndi zochuluka kwambiri moti sizingalondolozeke. Msonkhano wa United Nations wolemba panganoli wa mu Julaye 2012, wotsogoleredwa ndi Roberto García Moritán wa ku Argentina, unakambirana milungu inayi. Pa 26 Julaye masenetala 51 a ku America analembera Obama kalata yotsutsa, bungwe la eni mfuti la NRA likusonkhezera moto. Tsiku lotsatira, lomwe linali lomaliza, nthumwi za America zinati zikufuna nthawi ina, Russia n'kuvomerezana nazo, msonkhano n'kutha wopanda kanthu. Akuluakulu a ku Washington ankati mawu a pangano anali asanapse. Omenyera ufulu ankati vuto linali chisankho cha mu Novembala. Voti yoitanitsa msonkhano wina inachitika pa 7 Novembala, tsiku limodzi Obama atapambana, ndipo ndimaona kuti zimenezi zikuikira kumbuyo omenyera ufulu aja.

Pa msonkhano wa mu Malichi 2013, pansi pa Peter Woolcott wa ku Australia, otsekereza anali Iran, North Korea ndi Syria. Ulendo uno panali khomo lina: nkhani inapita ku msonkhano waukulu wa United Nations, kumene mavoti ochuluka amakwanira. Pa 2 Epulo 2013 mayiko 154 anavomera, atatu aja anakana, 23 sanavote mbali iliyonse, kuphatikizapo Russia, China ndi India.

Panganolo limakhudza magulu asanu ndi atatu a zida, kuyambira akasinja, ndege ndi sitima zankhondo mpaka mfuti zonyamula pamanja. Ndime 6 imaletsa kugulitsa ngati boma likudziwa kuti zidazo zikaphera mtundu wa anthu kapena zikachitira milandu ya pankhondo. Ndime 7 imalamula wogulitsa kuti ayambe waunika ngozi yoti zikaphwanyira ufulu wa anthu, kuphatikizapo nkhanza kwa amayi ndi ana. Izi si zazing'ono, ndipo maloya amazinyamula popita kukhoti monga zinachitikira ku The Hague. Koma wounika ngoziyo ndi wogulitsa yemweyo, ndipo ofesi ya panganoli ku Geneva ilibe mphamvu yolanga aliyense.

America, yomwe bungwe la SIPRI, lofufuza za malonda a zida, limati inagulitsa pafupifupi 43 pa 100 ya zida zikuluzikulu zogulitsidwa kunja pakati pa 2020 ndi 2024, inasaina mu 2013 koma nyumba yake ya malamulo sinavomereze, ndipo mu Epulo 2019 Donald Trump analengeza pamsonkhano wa NRA kuti akuchotsa siginecha yawo. America inafewetsa pangano kenako n'kulisiya. Russia sinalowemo. China inalowa mu 2020, choncho lero ikanayenera kuunika ngozi isanatumize katundu ngati wa An Yue Jiang. Koma ndime 9, yokhudza zida zongodutsa m'dziko, imangoti boma lichitepo kanthu pamene kuli kofunika ndi kotheka, mawu omwe sakanakakamiza boma la South Africa kukana. Ndipo zipolopolo zinaikidwa pandime yakeyake, kunja kwa mndandanda wa zida zoyenera kulembedwa m'malipoti a chaka ndi chaka. Zipolopolo 3 miliyoni zija zitati zitumizidwe lero, palibe boma limene panganoli lingalikakamize kuzitchula m'lipoti lake.