Seva siinafe, werengani uthenga uli pa sikirini

"Seva yafa, tiyiikenso." Mawu amenewa ndatopa nawo. Makompyuta 30 a m'labu akakana kudzukira pa netiweki (njira yotchedwa PXE), anthu amathamangira kufufuta FOG kapena WDS, mapulogalamu a pa seva oikira image (kope ya disk yonse) m'makompyuta, n'kuyambiranso, tsiku lonse n'kuthera pomwepo, m'mawa mwake uthenga womwe uja n'kubweranso. Umabweranso chifukwa kawirikawiri cholakwika sichikhala mu seva. Chimakhala panjira, ndipo kompyuta imakhala itanena kale pamene yakhumudwira, kungoti palibe amene anawerenga.

Uthengawo umangoti phethi n'kuzimirira, ndikudziwa. Tengani foni, yambani kujambula vidiyo musanadine F12 kuti kompyuta idzukire pa netiweki, kenako muibweze pang'onopang'ono. Musasinthe kanthu musanaone nambala yoyamba ndi PXE-E kapena PXE-T.

Nambalayo imathandiza chifukwa PXE imayenda motsatira ndondomeko yosasintha. Khadi la netiweki limapempha adilesi kwa DHCP, seva yogawa maadilesi, pa ma port a UDP 67 ndi 68. Yankho liyenera kubwera ndi zinthu zina ziwiri: adilesi ya seva yodzutsira ndi dzina la fayilo yoti itengedwe. Fayiloyo imabwera ndi TFTP, njira yosavuta yotumizira mafayilo, pempho lake limapita pa UDP 69. Ngati ndi FOG, fayiloyo ndi iPXE, kapulogalamu kopitiriza ntchito yodzutsa, ndipo ikangodzuka imapemphanso adilesi kachiwiri, imatenga default.ipxe, imapita ku boot.php pa HTTP, imakoka bzImage ndi init.xz, ndipo pamapeto pake ndi pomwe imafika ku /images pa NFS. Sitepe iliyonse ili ndi kulira kwake. PXE-E61 ndi chingwe kapena port yakufa. PXE-E51 ndiye kuti palibe DHCP amene wayankha. PXE-E53 ndiye kuti adilesi yabwera koma dzina la fayilo palibe. PXE-E32 ndi TFTP yomwe yaitanidwa osayankha. PXE-T01 ndi TFTP yomwe yayankha kuti fayilo ya dzina limenelo ilibe. Pa makina a UEFI muona kwambiri PXE-E16 ndi PXE-E18: yoyamba ikudandaula kuti sinalandire yankho logwira ntchito, yachiwiri kuti yadikira seva mpaka nthawi yatha. Ndiuzeni tsono: munthu amene ali ndi E61 akafufuta seva, wakonza chiyani?

Cholakwika chomwe chimabwerezedwa kwambiri ndi kuika dzina limodzi mu option 67, malo a mu DHCP olembamo dzina la fayilo yodzutsira, n'kuyembekeza kuti makina onse alimvera. Malabu athu ambiri ndi osakaniza, makina akale opatsidwa pambali pa atsopano ogulidwa chaka chatha. Akale amadzuka ndi BIOS ndipo amafuna undionly.kpxe. Atsopano amadzuka ndi UEFI ndipo amafuna ipxe.efi kapena snponly.efi. Mukapatsa wa UEFI fayilo ya BIOS, amaikoka bwinobwino, nthawi zina n'kulemba kuti yafika, kenako n'kulumphira mu Windows ngati palibe chachitika. Seva siinalakwe apa, yapereka chomwe munaiuza.

Makina amadzinena okha kuti ndi amtundu wanji. Mu pempho lawo mumakhala mawu akuti PXEClient:Arch:00000 ngati ndi BIOS, ndipo 00007 kapena 00009 ngati ndi UEFI ya 64-bit. Pa DHCP ya Windows Server, kuyambira ya 2012, pangani vendor class ya mawu amenewa ndi policy yopereka option 67 yosiyana. Pa ISC dhcpd yerekezani zilembo 20 zoyambirira za vendor-class-identifier. Ngati DHCP yanu ndi rauta yomwe simungaikhudze, kapena ilibe malo a zimenezi, ikani dnsmasq pa seva ya FOG ngati proxyDHCP: port=0 kuti isalowerere za DNS, ndi dhcp-range yothera ndi mawu akuti proxy. Siigawa maadilesi, imangowonjezera dzina la fayilo, ndipo imafuna UDP 4011 ikhale yotsegula. ProxyDHCP ya makina a UEFI imafuna dnsmasq 2.76 kapena yatsopano kuposa pamenepo. Secure Boot izimitsidwe pa FOG, chifukwa mafayilo ake a iPXE alibe siginecha yomwe firmware imavomereza, koma wdsmgfw.efi ya WDS ilibe vuto limenelo. Pa makina a Dell onaninso kuti UEFI Network Stack ndi yoyatsa.

Option 60 ya DHCP, yomwe imauza makina kuti seva ya DHCP ndiyonso ya PXE, isiyeni. Imaikidwa pokhapokha DHCP ndi WDS zili pa kompyuta imodzi. Mukaiika pomwe zili padera, makina amakagogoda pa 4011 ya seva ya DHCP, pomwe palibe woyankha.

Koma vuto lomwe limandivutitsa mumtima ndi lina, chifukwa limanyenga ngakhale odziwa ntchito. Kompyuta ikulandira adilesi, ikukoka fayilo ya iPXE, chizindikiro cha iPXE chikuoneka, madontho akuyenda, kenako pakubwera mawu akuti No configuration methods succeeded. Muyesenso, mwina ipita. Yoyandikana nayo ikupita, yachitatu ikukana. Munthu amafika poganiza kuti makadi a netiweki atopa, ena mpaka amalembera abwana kuti agule atsopano.

Chomwe chikuchitika ndi ichi. Switch yokhala ndi spanning tree yakale (njira yoletsa mauthenga kuzungulira mosatha mu netiweki) siilola port kudutsitsa kanthu ikangolumikizidwa: imamvetsera masekondi 15, imaphunzira masekondi ena 15, zonse 30. Pa kudzuka koyamba kompyuta imachedwa yokha ndi POST, kudziyesa kwake ikangoyatsidwa, ndiye nthawi imakwanira. Koma iPXE ikatenga khadi, makamaka fayilo yomwe imagwiritsa ntchito driver yakeyake monga ipxe.efi, imazimitsa link n'kuiyatsanso. Kwa switch imeneyo ndi kompyuta yatsopano, masekondi 30 aja ayambiranso, ndipo iPXE imatopa kudikira port isanatseguke. Onetsetsani kagetsi ka pa switch: pa Cisco kamakhala kachikasu nthawi yonseyo, kamasanduka kobiriwira uthenga wolephera utatuluka kale.

Kuyesa kwake n'kotchipa. Tengani switch yaing'ono ya ma port 5, yopanda makonzedwe alionse (unmanaged), muiike pakati pa kompyuta ndi soketi ya pakhoma. Imasunga link ya kumtunda yosaduka. Kompyuta ikadzuka bwino, mwapeza wolakwa. Mankhwala ake ndi spanning-tree portfast pa ma port opita ku makompyuta okha, kapena admin-edge-port pa switch za HP ndi Aruba, pamodzi ndi BPDU guard, yomwe imatseka port wina akalumikizapo switch. Pa chingwe cholumikiza switch ndi switch inzake musaike.

Ndipo chonde, sungani zimene mwasintha. Apa ndi pamene anthu amagwera kawiri. Munthu wakonza Lachisanu, labu yonse yadzuka, wapita kwawo osalemba copy running-config startup-config, lamulo losungira makonzedwe pa switch ya Cisco. Loweruka magetsi athima, batire la UPS latha, switch yadzuka ndi makonzedwe akale. Lolemba vuto labwerera, ndipo popeza aliyense akukumbukira kuti za switch "tinakonza kale", palibe amene akuyang'anako. Amatha sabata akusakasaka pa seva.

Wina akakuuzani kuti ingozimitsani spanning tree yonse, musamulole. Zidzayenda lero. Tsiku lomwe mwana wa sukulu adzalowetse mbali zonse ziwiri za chingwe chimodzi m'masoketi awiri, netiweki ya nyumba yonse idzaima, ofesi ya akaunti yomwe, ndipo mudzayenda chipinda ndi chipinda mukuzula zingwe.

Palinso vuto la DHCP wachiwiri wosaitanidwa. Wina wabweretsa karauta ka kunyumba kuti apeze Wi-Fi mu staff room, wakalumikiza pa port ya LAN, ndipo kayamba kugawa maadilesi a 192.168.0 kapena 192.168.1 opanda dzina la fayilo. Amene wayamba kuyankha ndiye wapambana, choncho makina ena amapita, ena amaima pa E53. Pa kompyuta ya Windows lembani ipconfig /all muone mzere wa DHCP Server. Ngati adilesiyo simukuidziwa, tsatirani chingwe. Pa seva, tcpdump -n port 67 or port 68 or port 69 or port 4011 imakuonetsani amene wafunsa ndi amene wayankha. Mukapanda kuona ngakhale pempho limodzi likufika, siyani seva: makinawo ali pa VLAN ina, ndiye kuti chigawo china cha netiweki, ndipo broadcast siidutsa rauta. Pa rauta ikani ip helper-address iwiri, ya DHCP ndi ya seva ya PXE. Microsoft yomwe imalimbikitsa njira imeneyi m'malo mwa option 66 (adilesi ya seva yodzutsira) ndi 67.

Za TFTP n'zachidule. Kuchokera pa kompyuta ina ya m'labu momwemo, osati pa seva, yatsani TFTP Client ya Windows mulembe tftp -i, adilesi ya seva, get undionly.kpxe. Ikabwera, TFTP ili bwino. Ikakana, kumbukirani kuti pempho lokha ndi lomwe limapita pa 69, fayilo imabwerera pa port ina yosankhidwa pomwepo, ndiye firewall iyenera kukhala ndi chothandizira cha TFTP, chomwe pa Linux ndi nf_conntrack_tftp. Linux imasiyanitsa zilembo zazikulu ndi zazing'ono, ndipo kampata kamodzi kotsalira kumapeto kwa dzina mu option 67 n'kokwanira kubweretsa T01. Seva ikhale ndi adilesi yosasintha. FOG imalemba adilesi yake mu /opt/fog/.fogsettings, mu /tftpboot/default.ipxe ndi mu database. Adilesiyo ikasintha magetsi atabwera, makina amakoka iPXE kenako n'kumaitana nyumba yomwe mwini wake anasamuka.

Menyu ya FOG ikaoneka, nkhani ya kudzukira pa netiweki yatha. Ikamadandaula kuti disk siikuoneka, onani ngati firmware ili pa RAID kapena VMD m'malo mwa AHCI. Ikakana kukopera Windows, zimitsani Fast Startup ndi BitLocker pa makina otengerapo image.

Tsono za akatswiri a pakamwa. Mumawadziwa ndi machitidwe awo: safunsa uthenga womwe unatuluka, amasintha zinthu zisanu nthawi imodzi, amazimitsa firewall ndi SELinux n'kuzisiya choncho, amabwezera switch ku makonzedwe a ku fakitale ma VLAN onse n'kupita, ndipo salemba chilichonse. Zikayenda mwangozi sadziwa chomwe chachiza, ndiye mwezi wamawa mudzawalipiranso. Oopsa kwambiri ndi oikanso Linux pa seva osafunsa kuti /images ili pa disk iti. Image yomwe munthu anakonza masiku atatu, ndi mapulogalamu onse a mayeso, imapita m'mphindi ziwiri. Munthu asakhudze seva musanakopere /images yonse ndi database pa disk yakunja, n'kuizula, n'kuitsekera m'kabati.

Kuchedwa nako kumapweteka mofanana. Musayesere PXE usiku woti mawa sukulu ikutsegulidwa kapena mayeso akuyamba. Yesani kutatsala sabata ziwiri, ndi makina amodzi a mtundu uliwonse womwe muli nawo, pa soketi zenizeni za m'labu, osati pa tebulo loyandikana ndi seva pomwe zonse zimayenda. Kenako zimitsani switch ndi seva dala, muziyatsenso, muyesenso. Munthu wothamangitsidwa ndi nthawi ndi amene amadina Capture (kukopera kompyuta kupita ku seva) pomwe amafuna Deploy (kuika image pa kompyuta), ndipo makina opanda kanthu amalemba pamwamba pa image yabwino ija. FOG ili ndi kabokosi ka Protected pa image iliyonse. Kachongeni lero, mukangomaliza kukopera.