Sikani pa nthawi ya mliri wa chifuwa: zimene amayi a kuno ku Harare amafunsa

Boma la Zimbabwe litatseka dziko pa 30 Malichi 2020 chifukwa cha COVID-19, amayi ambiri oyembekezera a ku Mbare, Mufakose ndi Dzivarasekwa anasiya kupita kusikani. Makombi (maminibasi) anali ataletsedwa, kunatsala mabasi a kampani ya boma ya ZUPCO, ndipo anthu ankaopa chipatala kuposa matendawo. Mliri wina wofala kudzera mumpweya ukadzabwera, sindikufuna tidzabwerezenso zimenezi.

Kodi makina a sikani angandipatsire kachilombo ka mliriwo?

Makinawo paokha ayi. Amagwira ntchito ndi mafunde a phokoso limene khutu silingamve, alibe cheza chonga cha X-ray, ndipo savulaza mwana m'mimba. Choopsa n'kuyandikana. Wojambula amakhala pambali panu penipeni, m'kachipinda kotseka makatani, mukupumirana mpweya. N'chifukwa chake pa nthawi ya mliri nonse muyenera kuvala masiki, ndipo iye amajambula zofunika zokha kuti musakhalitsemo.

Nanga n'chifukwa chiyani amatidikiritsa panja pomwe mnzathu watuluka kale?

Amakhala akuyeretsa. Kachipangizo kamene amakuyendetsani pamimba kaja amayamba akapukuta jelo yense, kenako n'kukapaka mankhwala ophera tizilombo, pamodzi ndi chingwe chake, mabatani ndi bedi. Jelo akatsalira, mankhwala safika pamene akufunika. Kachilombo ka korona kali ndi chikuta cha mafuta chimene chimasweka msanga ndi mankhwalawa, koma amafuna kanthawi kuti agwire ntchito. Ine ndimasangalala ndikaona wojambula akudekha pamenepa.

Bambo a kunyumba angalowe nane?

Pa nthawi ya mliri, zipatala zambiri zimalola wodwala yekha. Zimapweteka, makamaka pa mimba yoyamba, koma pemphani chithunzi mukawaonetse.

Ndikutsokomola, thupi likutentha. Ndibise kuti asandibweze?

Chonde amayi, musabise. Nenani pakhomo pomwe, kapena imbani foni musananyamuke. Ngati sikani yanu si yamwadzidzidzi, akupatsani tsiku lina. Ngati singadikire, akujambulanibe, koma mwina komalizira kapena m'chipinda chapadera, wojambula atavala zodzitetezera zonse. Mukabisa, wojambulayo akadwala, amayi onse a pambuyo panu asowa wowajambula, ndipo anthu odziwa ntchitoyi sachuluka.

Ndi sikani iti imene siyenera kudikira?

Kuyambira 2016, bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti mayi aliyense ajambulidwe kamodzi mimba isanakwane masabata 24. Pamenepo amadziwa msinkhu weniweni wa mimba, ngati muli mapasa, ndiponso ngati mwana akupangika bwino. Imeneyi musaiphonye. Ndipo mukaona magazi, m'mimba mukapweteka kwambiri mbali imodzi pa miyezi yoyambirira, kapena mwana akasiya kugunda, musadikire tsiku limene munalembedwa. Kupweteka kwa mbali imodziko kungakhale chizindikiro cha mimba yokhala kunja kwa chiberekero, imene imapha msanga. Sikani yongofuna kudziwa ngati ndi wamwamuna kapena wamkazi ingadikire.

Agogo atabanika, adokotala anawaika sikani pachifuwa ndi kumsana. Si ya mimba yokha?

Ayi, imaonanso mapapo. Mapapo abwino amakhala odzaza mpweya ndipo amaonetsa mizere yopingasa. Akayamba kulowa madzi kapena kutupa, pamatuluka mizere yowala yotsika kuchokera pamwamba, imene madokotala amaitcha B-lines. Ubwino wake ndi woti makinawo amabwera pabedi, m'malo mokankha wodwala amene ali pa okosijeni kudutsa m'makonde odzaza anthu. Amaonanso mtima, komanso magazi oundana m'mitsempha ya m'miyendo, vuto limene linkapezeka mwa odwala COVID-19 kwambiri.

Ndiye sikani ingandiuze ngati ndili ndi kachilomboka?

Singathe. Chibayo cha mtundu wina ndiponso vuto la mtima zimaonetsanso mizere yomweyo. Kuti mudziwe, pafunika kuyezetsa ndi kathonje ka m'mphuno kaja.