Mkangano wa Python 2 ndi 3 wafika mochedwa pa Chitakale

Mwezi watha ofesi ina ya alimi a tiyi kuno ku Mulanje idagula kompyuta yatsopano, ndipo pulogalamu yowerengera makilo a masamba ndi malipiro, yolembedwa m'chilankhulo cha kompyuta chotchedwa Python 2, idakaniratu kutseguka. Mnyamata wongomaliza kumene maphunziro adati, "Bambo, zaka zonsezi mumadikira chiyani? Python 2 idatha kalekale." Mkulu amene adailemba adayankha modekha: "Mwanawe, inkalipira alimi bwinobwino, ndikadaigwedezeranji?" Mkangano womwewu udasautsa olemba mapulogalamu padziko lonse kwa zaka zoposa 10.

Python 3.0 idatuluka pa 3 Disembala 2008, ndipo Guido van Rossum, amene adayambitsa Python, ndi anzake adachita kusankha kuti isamvane ndi yakale. Lamulo la print lidayamba kufuna mabulaketi. Samu ya 5/2, yomwe inkapereka 2, idayamba kupereka 2.5, ndipo kwa munthu wowerengera ndalama za alimi imeneyi si nkhani yamasewera. Koma gwero lenileni lidali zilembo. Lembani "Malaŵi" mu Python 2, mufunse kutalika kwake, ikuuzani 7, chifukwa imawerenga mabayiti (timagawo tomwe kompyuta imasungiramo zinthu), osati zilembo, ndipo ŵ imadya mabayiti awiri mu UTF-8, njira yosungira zilembo m'kompyuta. Python 3 imati 6, monga angawerengere mwana wa sitandade 1. Apa sindingawatsutse, chilemacho chinkafunika kuchikonza.

Katundu adamusenza ndi osamalira mapakeji (zidutswa za mapulogalamu zomwe olemba ena amatenga n'kugwiritsa ntchito m'mapulogalamu awo), ambiri mwa iwo ongodzipereka osalandira kanthu. Adauzidwa kuti azilemba mu Python 2, kenako chida chotchedwa 2to3 chiziwatembenuzira. Pogwira ntchito zidavuta: cholakwika chinkaonekera mu code yotembenuzidwa, pomwe pokonza padali kwina. Ogwiritsa ntchito ankadikira mapakeji kuti asamuke, osamalira mapakeji ankadikira kuti osamukawo achuluke. Ena adatopa n'kuyamba kulemba code imodzi yoyenda konsekonse, mothandizidwa ndi kapakeji ka Benjamin Peterson kotchedwa six, dzina lochokera pa 2 kuchulukitsa ndi 3.

Ambiri pofotokoza mbiriyi amaloza 2014, pomwe tsiku losiya Python 2.7 lidasunthidwa kuchoka 2015 kufika 2020. Ena amaloza chikalata cha PEP 404 cha mu 2011 (ma PEP ndi zikalata zolembamo maganizo ndi zigamulo zokhudza Python), chomwe chidanenetsa kuti Python 2.8 sidzakhalako. Ine ndimaona kuti zinthu zidatembenukira pa kachilembo kamodzi. Mu Python 2, wosamala ankaika u patsogolo pa mawu, u"Malaŵi", kuti zilembo zisaonongeke. Python 3.0 idachotsa u ameneyu, moti fayilo yokhala naye inkakanidwa isanayambe n'komwe. Ndiye kuti amene adachita zinthu mwadongosolo ndi omwe adalangidwa kwambiri. Armin Ronacher, mlembi wa Flask, pakeji yopangira mawebusayiti, adadandaula kudzera mu PEP 414, ndipo Python 3.3 ya mu Seputembala 2012 idabwezeretsa u uja. Mu Python 3 kachilemboko sikagwira ntchito iliyonse, kadangobwerera kuti osamalira mapakeji apume. Mu Febuluwale 2013 Django 1.5, pakeji ina yopangira mawebusayiti, idayamba kuyenda pa Python 3, moyesera.

Zikalata za PEP ndi mboni zodalirika pa masiku ndi zigamulo, koma zimasunga kwambiri mawu a atsogoleri. Munthu amene ankachezera usiku akuyesa pakeji yake kawirikawiri, uku akunenedwa kuti ndi waulesi, mawu ake ndi ochepa m'menemo.

Zotsalazo zidangoyenda. Python 2 adaisiya pa 1 Januwale 2020, yomaliza 2.7.18 idatuluka mu Epulo chaka chomwecho, pip, chida choikira mapakeji, idaitaya mu 2021, ndipo 2to3 nayo adaichotsa mu Python 3.13 mu 2024.

Mnyamata uja sakunama, pulogalamu ija iyenera kusamuka. Koma mkuluyo adaisamala yekha, pa intaneti ya bando yogula ndi ndalama zam'thumba mwake. Sabata ino awiriwa akhala pa benchi imodzi, kompyuta yakale kumanzere, yatsopano kumanja, akusaka mzere uliwonse wogawa manambala ndi kufananiza malipiro a mlimi mmodzimmodzi tsiku lolipira lisanakwane.