Mayi wa Matenda a CAH, Musasiye Mankhwala Mukaima

Pali mawu omwe akuyenda pa sikelo kuno ku Chikwawa ndi Nsanje, akuti mayi akangoima asiye mapiritsi onse chifukwa awononga mwana. Kwa mayi wa matenda a congenital adrenal hyperplasia, mwachidule CAH, malangizo amenewa ndi akupha.

CAH ndi matenda obadwa nawo, otengera kwa bambo ndi mayi onse awiri. Si ufiti, si tsempho. Tiziwalo tokhala pamwamba pa impso timalephera kupanga mokwanira cortisol, homoni yochirikiza thupi likadwala, koma timachulutsa mahomoni achimuna. N'chifukwa chake ena amamera ndevu, amasamba modumphadumpha, pathupi n'kumavuta. Koma si osabereka ayi. Ambiri akamamwa mankhwala mwandondomeko amaima n'kubereka bwinobwino.

Ndiye mwaima, apongozi akuti tayani mapiritsi. Amayi, musataye! Mapiritsi anu a CAH, hydrocortisone kapena prednisolone, amangobwezera chomwe thupi lanu silipanga, ndipo wofika kwa mwana ndi wochepa kwambiri. Mukasiya mumafooka, kusanza, chizungulire, BP kutsika, mwina kukomoka kumene, moyo wanu ndi wa mwana n'kukhala pachiswe. Kutentha kwa ku Ngabu mu Okutobala mukukudziwa, thukuta kuchita kunyowetsa chitenje, mchere n'kumatulukira momwemo. Amene thupi lawo limataya mchere chifukwa cha CAH, mapiritsi a fludrocortisone, othandiza thupi kusunga mchere, asamadumphitse ngakhale tsiku limodzi.

Mukadwala malungo kapena kutsegula m'mimba, thupi limafuna mankhwala ochulukirapo. Afunseni adokotala lero lomwe kuti muziwonjezera bwanji. Mukasanza mapiritsi, kwerani kabaza nthawi yomweyo mukabayitse jakisoni wa hydrocortisone. Osadikira kuti kuche, osayamba mwadzera kwa asing'anga.

Kuchirira pakhomo ayi. Matenda a kubereka akayamba mumafunikanso jakisoni yemweyo, ndipo amene anachitidwapo opaleshoni ya kumaliseche ali ana nthawi zambiri amachira kudzera opaleshoni. Pitani kuchidikiro msanga, buku la kuchipatala m'manja. Akakutumizani ku Queen Elizabeth ku Blantyre, pitani. A ku Makhanga ndi East Bank, tengeranitu mankhwala okwanira mvula isanadule misewu.

Inu abambo, mwana angabadwe ndi CAH ngati nanunso muli ndi mbewu yake m'magazi. Khanda likamasanza, kukana bere, kufooka sabata yachiwiri kapena yachitatu, kapena maliseche ake osadziwika bwino, thamangirani nalo kuchipatala tsiku lomwelo. Mayi wake apitirizebe kumwa mapiritsi uku akuyamwitsa.