Nguli yosatopa ya m'kati mwa atomu

Ana akamakwapula nguli pabwalo kuno ku Dedza, imazungulira mpaka kulira, kenako n'kuyamba kudzandira, n'kugwa. Ndikamaphunzitsa fizikisi ndimayambira pomwepo. Pakati pa atomu iliyonse pali kanthu kotchedwa pulotoni, ndipo nako kali ndi kazunguliridwe kake, komwe asayansi amati spin. Kusiyana kwake n'kwakuti nguli iyi sifuna chikwapu. Spin yake ndi theka pa muyeso wa asayansi, sikwera, sitsika. Makina a MRI akamajambula m'thupi amadalira spin yomweyi, ya mapulotoni a m'madzi amene ali m'thupi mwathu.

Nanga imachokera kuti? M'kati mwa pulotoni muli tinthu ting'onoting'ono, ma quark atatu, awiri otchedwa up, ina down. Owagwirizira pamodzi ndi ma gluon, omwe ali ngati ulimbo. Poyamba zinkaoneka zophweka: phatikizani spin ya atatuwo, mwapeza yankho. Koma mu 1987 gulu la European Muon Collaboration ku CERN, malo ofufuzira za fizikisi kufupi ndi Geneva, litaombera tinthu tina ting'onoting'ono totchedwa ma muon pa mapulotoni, linapeza kuti ma quark akupereka kagawo kochepa chabe. Lero tikudziwa kuti ndi pafupifupi 30 peresenti. Zili ngati mwagula thumba la mbatatesi pa Lizulu, lolemera bwinobwino pa sikelo, koma pomasula mwapeza mbatatesi zosafika ndi theka lomwe. Kulemera kwinako kwachokera kuti?

Pulotoni simungaimasule ngati thumba, mumachita kuiombanitsa ndi inzake n'kuona zimene zathetheka. Ku Brookhaven, pa Long Island ku America, anamanga makina otchedwa RHIC, msewu wozungulira wa makilomita 3.8, omwe anayamba kugwira ntchito mu 2000. Ndiwo oyamba padziko kuombanitsa mapulotoni amene spin yawo yalozetsedwa mbali imodzi. Apa ndi pamene ine ndimagoma. Tangoganizani nguli miyandamiyanda zikuthamanga pafupifupi ngati kuwala, koma zonse ziyenera kupendekera kumodzi! Kuti zisasokonekere panjira, anaikamo maginito opotana omwe anawatcha njoka za ku Siberia.

Zotsatira zake zinaonetsa kuti ulimbo uja, umene ambiri ankauyesa womangira chabe, wasenza gawo lalikulu ndithu la spin. Lotsalalo akulifunafuna m'mene ma quark ndi ma gluon amazungulirana m'katimo. Mu 2020 boma la America linasankha Brookhaven yomweyo kuti amangepo makina ena, Electron-Ion Collider, oti aziombera ma elekitironi pa mapulotoni, kuti aone bwino malo amene kanthu kalikonse kali ndi mmene kakuyendera.