Munalipira development charge, nanga msewu ndi paki zili kuti?

Anthu akangomva zoti ntchito yanga ndi ya mapulani a mizinda, funso lake limakhala lomwelomwelo: ndinalipira development charge potenga puloti, ma city rates ndimalipiranso, nde bwanji msewu wa kwathu mpaka lero ndi wafumbi, dzinja likafika galimoto ndimachita kuisiya kwa aneba kumtunda? Ofunsawo sakulakwa ayi. Kungoti ambirife ndalama zimenezi timaziponya m'thumba limodzi n'kumati msonkho wa khonsolo, pomwe iliyonse ili ndi ntchito yakeyake, ndipo ukapanda kuzisiyanitsa umakadandaula pa ofesi yolakwika.

Ma city rates ndi ndalama yomwe mwini nyumba kapena malo mumzinda amalipira chaka ndi chaka, malinga ndi lamulo la maboma ang'ono la 1998, ndipo amawerengera potengera mtengo wa nyumba yanu monga unalembedwera mu kaundula wa khonsolo yemwe amayenera kukonzedwanso pakapita zaka 5 zilizonse. Imeneyi ndi ya tsiku ndi tsiku: kuchotsa zinyalala, magetsi a m'misewu, ozimitsa moto, kutchetcha, kukwirira maenje. Ndiye pali ina ya pa mafuta, nthawi iliyonse mukathira petulo kapena dizilo pamakhala kagawo kopita ku Roads Fund Administration, komwenso kumapita ndalama za pa ma toll gate a Chingeni ndi Kalinyeke. Misewu ina ya phula ya m'mizinda yathu yamangidwa ndi thumba limeneli, koma thumbali ndi la dziko lonse, kuyambira ku Nsanje mpaka ku Chitipa, nde kamsewu kolowera kwanu kamakhala kumapeto kwenikweni kwa mzere.

Development charge ndi yosiyana ndi ziwiri zonsezi. Imalipiridwa kamodzi, pomwe malo akutsegulidwa kapena pomwe munthu akumanga chinthu chomwe chiwonjezere katundu pa mzinda, ndipo ganizo lake ndi losavuta: malo omwe dzulo anali munda wa chimanga mawa pakhala mabanja mazanamazana, magalimoto, ana, madzi a pa malata, ndiye amene akubweretsa katunduyo asonkhe ndalama yomangira msewu, ngalande, makalavati ndi malo opumirako, m'malo moti mtolo wonse ugwere anthu omwe anakhazikika kale mumzindamo. Ine ganizoli ndimagwirizana nalo ndi mtima wonse. Amene mumamulipira zimatengera mwini malo: ena puloti anaitenga ku unduna wa za malo, ena ku Malawi Housing Corporation, ena ku khonsolo, ena anagula ku kampani yogulitsa mapuloti. Apa pokha pamayambira chisokonezo, chifukwa ndalama mwina inapita kwina koma msewu ukakumbika tonse timaloza chala khonsolo, yomwe mwina siinaoneko ndi tambala yomwe.

Tiyerekeze motere, manambalawa ndi ongofanizira. Dera latsopano lili ndi mapuloti 200, ndipo mainjiniya awerengera kuti misewu yake, ngalande ndi kapaki pakati zidya K400 miliyoni. Ndiye kuti puloti iliyonse isonkhe K2 miliyoni. Masamu ake ndi amenewo basi, ndipo development charge yachilungamo iyenera kuchokera pa masamu ngati amenewa, pali mndandanda wa ntchito, pali mtengo wake, pali chiwerengero cha ogawana. Mukangouzidwa nambala popanda kukuonetsani kuti yachokera pati, muli ndi ufulu wofunsa.

Tsono vuto limabwera pa nthawi. Anthu 200 aja salipira tsiku limodzi, wina lero, wina pang'onopang'ono, wina mpaka atamanga nyumba n'kulowamo asanamalize, ndipo ndalama ikamadikira mu akaunti mtengo wa simenti, phula ndi dizilo sukudikira. Kumbukirani kuti kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu May 2022, kenako ndi 44 peresenti mu November 2023, nde ndalama yomwe ikanamanga msewu wa phula isanagwe kwacha lero mwina ingokwanira kudutsitsa giredara ndi kuthira gravel. Choipa kuposa pamenepo ndi chakuti ndalamayi ikangolowa mu akaunti imodzi ndi ndalama zina zonse, imathera ku malipiro, mafuta ndi ngongole zamwezi umenewo, osati chifukwa wina waba nthawi zonse ayi, koma chifukwa chosowa cha lero chimafuula kuposa msewu wa chaka chamawa. N'chifukwa chake ine ndimakakamira kuti ndalama ya development charge izikhala ndi akaunti yakeyake, yolembedwa dzina la dera lomwe yachokera, ndipo isamakhudzidwe pa china chilichonse.

Pa nkhani ya msewu ndikufuna ndichedwepo pang'ono, chifukwa anthu akati msewu amaganiza phula, pomwe ife timayamba taganiza madzi. Mukadzayenda mu msewu wa gravel wa kwanu mvula itangokata, taonani bwinobwino. Msewu wabwino umakhala wotukuka pang'ono pakati kuti madzi azitsetserekera m'mbali n'kulowa mu ngalande. Koma zomwe mupeze n'zakuti pa geti iliyonse mwini nyumba anakwirira ngalande ndi dothi ndi zidutswa za njerwa kuti galimoto yake izilowa bwino, pena ngalande yadzaza ndi majumbo ndi mabotolo, ndiye madzi asowa kolowera, akwera pamsewu, akuyenda motsata matayala, ndipo pofika February pakati pa msewu pali chigwembe choti wa kabaza amachita kukutsitsani kuti muwoloke wapansi. Mukathira phula pa msewu woterowo osakonza ngalande, madzi amalowa pansi pake, amafewetsa dothi, phula n'kuyamba kusweka kuchokera m'mphepete. Ndalama ikakhala yochepa, ine ndingasankhe gravel yotsenderedwa bwino yokhala ndi ngalande zomanga ndi miyala ndi kalavati pa geti iliyonse, kusiyana ndi phula lopyapyala lopanda ngalande. Ndikudziwa kuti a khansala ambiri sangakonde kumva zimenezi poti phula ndi lomwe limaoneka pa chithunzi, koma madzi ndi omwe amadya misewu yathu.

Nanga paki? Imeneyi ndi yomwe imandipweteka mtima, chifukwa ndalama ikaperewera imayamba kufufutidwa ndi iyoyo, ndipo palibe amene amachita ziwonetsero chifukwa cha paki. Pa layout iliyonse yovomerezeka, yomwe ndi mapu oonetsa kagawidwe ka mapuloti ndi misewu m'dera, pamakhala malo olembedwa kuti open space, kutanthauza malo osiyidwa dala osamangapo. Malo amenewa akangokhala tchire zaka zingapo, opanda mpanda, opanda mtengo wodzalidwa, opanda ngakhale chikwangwani, amayamba kulimidwa chimanga, kenako wina waikapo kontena, kenako mukungoona maziko akukumbidwa ndipo wokumbayo ali ndi mapepala ake m'manja. Zikatero zatha, msewu mutha kudzaumanga patapita zaka 20 chifukwa malo ake alipobe, koma paki yomwe pamangidwa nyumba siibweranso. Ana a m'deralo ndi aja mumawapeza akusewera mpira pamsewu, magolo ake ndi miyala iwiri yomwe amaichotsa galimoto ikamabwera n'kuibwezeranso ikadutsa.

Ndipo paki si ya ana okha. Malo a udzu ndi mitengo amamwa madzi a mvula omwe akanathamangira kumsewu ndi m'nyumba za kumunsi, nde paki yoikidwa pa malo oyenera, makamaka kudambo ndi m'mbali mwa mtsinje, imateteza msewu womwewo. Omwe anakonza pulani ya Lilongwe likulu lisanasamukire kumeneko mu 1975 anasiya dala malo obiriwira m'mbali mwa mitsinje ngati Lingadzi, ndipo Nature Sanctuary ndi chotsalira cha maganizo amenewo. Ku Blantyre tangoganizani mzindawu ukanakhala wotani popanda Njamba. Kalembera wa 2018 anapeza anthu 989,318 mu mzinda wa Lilongwe ndi 800,264 mu Blantyre, ndipo chiwerengerochi chikukwerabe, koma mapaki atsopano a m'madera okhala anthu mungawawerenge ndi zala. Chonsecho kuteteza open space sikudya ndalama zambiri, kuika ma beacon oonetsa malire, kudzala mitengo m'malire, mabenchi angapo a simenti, magolo achitsulo, basi anthu ayamba kupagwiritsa ntchito, ndipo malo omwe anthu amapitapo tsiku lililonse ndi ovuta kuwagulitsa mwakachetechete.

Abale athu omwe ali ku England mwina anamvapo za Community Infrastructure Levy, yomwe makhonsolo kumeneko analoledwa kutolera kuyambira 2010 kwa omanga nyumba zatsopano, kuwerengera pa sikweya mita. Chomwe chimandisangalatsa si kuchuluka kwa ndalamazo koma malamulo awiri: 15 peresenti ya ndalamayo imayenera kugwira ntchito m'dera lomwe mwamangidwamo, ndipo imafika 25 peresenti ngati anthu a m'deralo ali ndi pulani yawoyawo yovomerezeka, komanso khonsolo imayenera kutulutsa lipoti chaka chilichonse loonetsa zomwe yatolera ndi zomwe yagwiritsa ntchito. Ziwiri zimenezi sizifuna kuti dziko likhale lolemera, zimangofuna kulemba ndi kupachika pa bolodi.

Pali mbali ina yomwe sindingaibise. Development charge ikakwera kwambiri, munthu wopeza pang'ono amathawa mapuloti ovomerezeka n'kukagula malo kwa amfumu kunja kwa mzinda komwe kulibe layout, nyumba zimathithikana, njira yake yoti ambulansi singadutse, ndipo tsiku lina mzinda udzafika komweko n'kupeza kuti palibe pomwe pangadutse msewu popanda kugwetsa nyumba ndi kulipira chipukuta misozi. Komanso madera ngati Ndirande, Mtandire kapena Mchengautuwa anakula popanda ndondomeko imeneyi, nde kunena kuti aliyense adye zomwe anasonkha ndi kuwasiya anthu amenewa m'matope mpaka kalekale. Kumeneko kukufunika ma rates, thumba la misewu ndi ndalama za boma. Ndipo omanga zinthu zikuluzikulu, shopping mall, filling station, ma flat ambirimbiri pa puloti yomwe kale panali nyumba imodzi, ayenera kulipira molingana ndi magalimoto ndi madzi omwe akubweretsa, osati mofanana ndi mayi yemwe akumanga kanyumba ka zipinda ziwiri.

China choti tidziwe, development charge imamanga koma siisamala. Paki ikamangidwa, wotchetcha udzu ndi wokonza benchi yothyoka alipidwa kuchokera ku ma rates, nde ngati ma rates sitikulipira paki ija ibwerera kukhala tchire ndipo ngalande zija zidzadzanso.

Ngati muli ndi puloti m'dera latsopano, sungani offer letter ndi ma risiti onse, muone kuti ndalama munalipira kwa ndani ndipo kalatayo ikuti ndi ya ntchito yanji. Kenako musapite nokha, gwirizanani ndi aneba kudzera kwa a block leader ndi a khansala a ward yanu, mukapemphe kope la layout ya dera lanu ku ofesi ya mapulani, mupeze pomwe palembedwa open space, mupite mukaime pamalopo muone ngati padakali popanda kanthu. Ngati padakali popanda kanthu, lembani kalata yopempha chilolezo chodzalapo mitengo dzinja likubwerali, ndipo m'kalata yomweyo mufunse kuti mapuloti angati analipira kale ndi kuti ndalamazo zikusungidwa mu akaunti iti.