Timapanga sewero, koma wailesi ya kanema tilibe

Tikamajambula kumsika wa Kapata kuno ku Chipata, kapena ku Mtenguleni nthawi ya Nc'wala, pamakhala wina wotifunsa kuti, "Nanga zimenezi tidzaziona liti pa TV yanu?" Ife TV tilibe. Ndife kampani yoima payokha. Timalemba nkhani, kupeza ochita sewero, kujambula, kenako kukhala masiku ambiri pakompyuta kudula ndi kulumikiza zithunzi ndi mawu. Kuulutsa ndi ntchito ya ena.

Kale wogula anali mmodzi yekha, ZNBC, wailesi ya boma la Zambia, imene inakhazikitsidwa ndi lamulo la 1987. Akakana sewero lako, linkangokhala m'kabati. Pambuyo pake kunabwera mawailesi osakhala a boma monga Muvi TV, ndipo mu 2015 MultiChoice, kampani ya DStv, inatsegula tchanelo cha Zambezi Magic, imene imagula masewero kwa makampani ngati athu. Msika unakula, ngakhale kuti ogula ambiri akali ku Lusaka.

Chimene ndimafuna achinyamata a kuno amvetse ndi pangano. Alimi a thonje ku Katete ndi ku Petauke amazidziwa bwino izi. Kampani ikakupatsa mbewu ndi mankhwala, thonjelo ndi lake usanalibzale n'komwe. Momwemonso wailesi ikakupatsa ndalama zojambulira, kawirikawiri sewerolo limakhala lake mpaka kalekale. Iwe umalandira malipiro kamodzi, basi. Njira ina ndi yojambula ndi ndalama zako, kenako n'kubwereketsa sewerolo kwa wailesi kwa nthawi yogwirizana. Nthawiyo ikatha limabwerera m'manja mwako, ukhoza kuligulitsanso kwina kapena kuliika pa YouTube. Njira imeneyi ndi yowawa poyamba, chifukwa mafuta a galimoto, nsima ya ochita sewero ndi jenereta ya nthawi imene magetsi azima zonse zimachokera m'thumba mwako.

Ine ndinasainapo pepala ndisanaliwerenge bwino, chifukwa cha chimwemwe choti ntchito yanga iwonekera pa TV. Sewerolo analibwereza kangapo konse. Amayi amene anachita mbali ya apongozi anabwera kudzandifunsa za ndalama za kubwerezako, ndipo ndinasowa chowauza. Mpaka lero zimandiwawa.

Masiku ano ambiri timadya za maukwati, malonda a masitolo ndi mavidiyo a makwaya. Zimenezo ndi zimene zimatigulira makamera. Koma chaka chilichonse timasungako pang'ono kuti tijambule sewero limodzi la Chinyanja cha kuno kwathu, limene pepala lake la umwini lili ndi dzina lathu.